Maluwa sadyedwa, komatu amagulidwa

Okondedwa amayi, achimwene, alamu, ndi inu nonse anzanga a m'magadeni kuno ku Joni,

Lero sindilemba za mapepala kapena za katundu wotumiza pa basi ayi. Ndikufuna tikambirane za maluwa, ndipo ndikudziwa kuti achimwene ayamba kale kuseka.

Ife Amalawi ogwira ntchito m'magadeni tachuluka zedi, kuyambira ku Randburg mpaka ku Cape Town. Koma tanenani zoona anzanga, ntchito yathu yeniyeni ndi chiyani? Kutchetcha kapinga, kusesa masamba, ndi kuwokera mbande zimene bwana wagula kale m'timathireyi ta pulasitiki. Munthu amatha zaka 10 ali m'gadeni osafesapo duwa ngakhale limodzi. Tsiku lobwerera kumudzi makina otchetchera amatsala, payipi imatsala, chimene chimakwera nawe basi ndi chokhacho chimene manja ako anaphunzira. Ndiye ine ndikuti tiphunzire kufesa tokha kuchokera ku njere, ndipo duwa loyambira likhale aster.

Kwa inu akumudzi amene simunalionepo: aster amene ndikunena ndi wa nyengo imodzi, kwawo kwenikweni ndi ku China. Amamera, amachita maluwa, amafa, basi. Pali ofiirira, apinki, oyera, ofiira, ena odzadza ngati mpira wa ulusi, ena apakati pachikasu. Mtundu wa Matsumoto, wochokera ku Japan, ogulitsa maluwa amaukonda chifukwa uli ndi mapesi olimba. Njere zake ndi zopepuka, galamu imodzi imakhala ndi njere pafupifupi 400.

Tsono munthu amene anasamalapo nazale ya fodya alibe chifukwa choopera duwa limeneli. Njere ya fodya ndi fumbi, koma timaimeretsa. Ya aster imagwirika ndi zala. Dothi la nazale likhale lofewa, losefa, losasunga madzi. Fesani pamwambamwamba, mukwirire pang'ono chabe, mamilimita 3 akwana, ndipo thirirani ndi kheni ya timabowo tating'ono kuti madzi asakokolole njere. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri zimera. Zikakhala ndi masamba enieni anayi, wokerani madzulo dzuwa litapepa, motalikirana masentimita 25 mpaka 30. Mizu yake siipita pansi kwambiri, choncho khasu lisamayandikire. Zulani udzu ndi manja, kenako phimbirani ndi udzu wouma kuti chinyontho chisathawe. Kuchoka tsiku lofesa kufika tsiku lodula ndi miyezi itatu kapena inayi. Kuno ku Gauteng timayamba kufesa mu Seputembala chisanu chikatha.

Apa achimwene anena kuti maluwa sadyedwa. Zoona, sadyedwa. Nanga fodya amadyedwa? Thonje limadyedwa? Sindikunena kuti muzule chimanga kapena musiye tomato kudimba. Ndikunena za bedi limodzi, masitepe asanu m'litali, m'mphepete mwa dimba pafupi ndi chitsime. Likalephera, palibe amene agone ndi njala.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Kwathu maluwa timawafuna sabata iliyonse. Paukwati, pachinkhoswe, paguwa la kutchalitchi Lamulungu, pamaliro poika nkhata, pa Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala. Koma taonani zimene timakongoletsera: maluwa a pulasitiki ogula m'sitolo, omwewo chaka ndi chaka, ofumbira, ena osuluka ndi dzuwa. Ndalama zimene ife timatumiza kuti zithandize paukwati wa mlongo wathu, zina zimathera pa pulasitiki ameneyu, pamene dothi ndi madzi tili nazo kuseri kwa nyumba. Kuno ku City Deep kuli msika wa Multiflora, kumene maluwa amagulitsidwa pa okushoni m'mamawa ngati momwe fodya amagulitsidwira ku Kanengo. Ku Cape Town, pa Adderley Street, kuli mabanja amene akhala akugulitsa maluwa kwa zaka zoposa 100, agogo kusiyira ana, ana kusiyira zidzukulu. Anthu amenewa amadya nsima ya maluwa.

Wina afunsa ngati duwa la ku China lingachite bwino kwathu. Alimi ang'onoang'ono ozungulira mzinda wa Bengaluru ku India amalima aster yemweyu, n'kumagulitsa kwa opanga nkhata ndi opita kokapembedza. Mzindawu uli pamtunda ngati Lilongwe, ndipo kutalika kwa usana n'kofanana ndi kwathu. Chimene aster amadana nacho ndi kutentha kopitirira ndi dothi lodikha madzi. Choncho a ku Dedza, Ntcheu, Bvumbwe, Zomba ndi Mzuzu ali ndi mwayi. A ku Nsanje ndi Chikwawa ndisakunamizeni, musavutike. Ndipo kwathu ine ndingafese mvula ikamatha, mu Malichi kapena Epulo, kuti akule nyengo yozizira ndi madzi othirira, adzapse nthawi imene maukwati amachuluka anthu atakolola. Mvula ya Januwale imagwetsa mapesi ndi kuolesa maluwa.

Komatu walira mvula walira matope, ndipo matope a aster ndi matenda ofota otchedwa Fusarium. Amakhala m'dothi, amalowera kumizu, n'kutseka njira ya madzi m'kati mwa phesi. Umaona mbewu yabwinobwino yayamba chikasu, nthawi zina mbali imodzi yokha, kenako yafota ngakhale dothi lili lonyowa. Wosadziwa amawonjezera madzi, ndiye kuipitsiratu zinthu. Ikagwidwa siichira. Zulani ndi mizu yomwe, muotche, musaponye padzala la manyowa. Ndipo pamalo pamene panali aster chaka chino musabzalepo aster wina kwa zaka 3 kapena 4. Ndi kasinthasintha yemwe uja alangizi amatiuza pa fodya ndi tomato. Ambiri amene amati duwali ndi lovuta ndi amene amalibwereza pabedi lomwelo. Manyowa akhale owolerana bwino, aawisi ayi. Thirirani pansi m'mawa, osati pamasamba usiku. Mukaona ina yapinimbira, masamba achikasu, maluwa obiriwira opunduka, amenewo ndi matenda ena ofalitsidwa ndi tizilombo todumphadumpha toyamwa masamba. Imeneyonso zulani osaimvera chisoni.

Pa kudula ndi pamene pali ndalama, ndiye alamu mumvetsere, poti ndikuganiza kuti ntchito imeneyi ikuyenerani inu. Dulani m'mamawa, duwa litangotseguka theka, phesi likhale lalitali. Thotholani masamba onse a m'munsi, chifukwa akamira amaola msanga ndi kununkhitsa madzi. Ikani nthawi yomweyo m'ndowa yotsuka, pamthunzi. Mukamasintha madzi, aster amakhala sabata yathunthu, nthawi zina masiku 10, pamene maluwa ena ambiri tsiku lachitatu agwetsa kale mitu. N'chifukwa chake ndasankha ameneyu: mukhoza kudula Lachisanu, kukongoletsa ukwati Loweruka, Lamulungu akadali paguwa. Koma dziwani kuti mbewu ikapereka maluwa ake yatha, siiphukiranso kwambiri. Musafese paketi yonse tsiku limodzi. Fesani pang'ono, pakatha sabata ziwiri kapena zitatu fesaninso, kuti asapse onse pamodzi inu n'kusowa kopita nawo.

Chinthu chimodzi ndivomereze kwa otsutsa: msika wa maluwa kwathu ndi waung'ono, ndipo uli m'tauni. Amene ali kutali ndi tala, ndowa ya maluwa singapirire ulendo wa tsiku lonse pa matola. Ngakhale wapafupi asayambe ndi kulima, ayambe ndi kufunsa. Pitani kwa amayi okongoletsa maukwati, kwa amayi a chigwirizano kapena a mvano, kumalo ogona alendo, mufunse mtundu umene amafuna ndi tsiku lake. Oyera ndi apinki sakanidwa kawirikawiri.

Za mbewu. Njere ya aster siichedwa kufa, ikagona chaka chimodzi kapena ziwiri kameredwe kamatsika kwambiri, ndiye pogula yang'anani deti papaketi. Inu anzanga ofuna kutumiza kumudzi, kumbukirani kuti mbewu siidutsa pachipata ngati sopo, pamafunika chilolezo cha a zaulimi, apo ayi ikhoza kutsala pa Mwanza. Yambani mwafunsa m'masitolo a mbewu ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mukaipeza kamodzi, siyani mitu ingapo yokongola iumire pamtengo, mupukuse, musunge mu envulopu ya pepala pamalo ouma, mulembe mtundu wake. Mitundu ikayandikana njuchi zimatha kuisakaniza, choncho oyera atalikireko.

Kwa inu a m'magadeni, pemphani bwana kakona kakang'ono kuseri, munene kuti mukufuna kuyesa kufesa nokha. Paketi imodzi ndi yotchipa kuposa mathireyi amene amagula aja, sindikuona chifukwa chokanira. Amene ayese andilembere kuti zamera zingati.

Amayi, moni kwa ana onse ndi a kutchalitchi.

Ine wanu wa ku Joni.