Bwato la malemu: pomwe ufulu wa amayi umayesedwera ku Nkhata Bay

Msodzi akamwalira ku Chintheche, Kande kapena Usisya, amasiya bwato, injini ndi khoka la chilimira, zomwe ndiye mpamba wa banja lonse. Amene atenge katunduyu maliro akatha ndi amene amaonetsa ngati malamulo oteteza amayi adafikadi pagombe.

Papepala nkhaniyi idatha kale. Ndime 24 ya malamulo oyendetsera dziko a 1994 imapatsa mayi ufulu wokhala ndi katundu payekha kapena pamodzi ndi ena. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lidaika mkazi ndi ana patsogolo pogawa chumacho, ndipo lidati kulanda katundu wa malemu ndi mlandu wopita nawo kundende. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikiranso ukwati wa pachikhalidwe, kotero palibe chifukwa chopirikitsira mayi ponena kuti sadakwatitse kutchalitchi.

Boma la Nkhata Bay lili ndi gawo lake pa mbiri imeneyi. Ndi kwao kwa Orton Chirwa, mwamuna wa Vera Chirwa, mayi woyamba kukhala loya m'dziko muno. Awiriwa adagwidwa pa 24 December 1981 ndipo mu 1983 khoti la mafumu, lomwe silinkalola loya kuimira woimbidwa mlandu, lidagamula kuti aphedwe. Orton adafera m'ndende ya Zomba mu October 1992. Vera adatuluka pa 24 January 1993, nayamba ntchito yofikitsa malamulo kwa anthu wamba kudzera m'mabungwe a Malawi Carer ndi Women's Voice.

Ntchito imeneyo ndi imene idakali yotsalira. Lamulo limagwira ntchito munthu akakadandaula, koma kudandaula kumalira ndalama ndi ulendo. Mayi wa ku Usisya ayenera kudikira sitima ya Ilala kapena kukwera msewu wa m'mapiri wopita ku Mzuzu, womwe umavuta nthawi ya dzinja. Pofika kwa majisitireti kapena kwa DC, akuchimuna amakhala atakambirana kale pasiwa, mwinanso injini itagulitsidwa. Choopsa china nchakuti kusumira alamu kumaoneka ngati kudula ubale wa ana ndi abale a bambo awo, ndipo amayi ambiri amasankha kungokhala chete.

Zotsatira zake zimaonekera pamchenga pomwepo. Mayi wopanda bwato amasanduka wogula usipa kwa ena, ndipo nsomba zikamasowa mphamvu zonse zimakhala kwa mwini khoka. Apa ndi pamene pamamera mchitidwe wogonana posinthana ndi nsomba, umene nthawi zambiri umakambidwa ngati nkhani ya Edzi chabe, pomwe muzu wake ndi umwini wa katundu.

Aphungu adayesa kutseka mpatawu pa nkhani ya malo: lamulo la 2016 lidati mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa m'komiti ya malo a makolo, atatu kapena kuposerapo akhale amayi. Koma komitiyo imaona za minda ndi malo omangapo nyumba. Bwato ndi chilimira sizikhudzidwa.