Kamnofu kakapita ku labotale, yankho libwerere kwa mwini wake

Achemwali, tikamakuwa kuti "tiyeni tikayezetse khansa ya khomo la chiberekero", nkhani timaisiyira panjira. Nanga anamwino akaona malo okayikitsa, chimatsatira n'chiyani?

M'zipatala zambiri kuno kwathu amayeza ndi njira ya VIA: amapaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo pomwe maselo asintha pamayera. Njirayi ndi yotchipa, yapulumutsa amayi ambiri. Koma diso limaphonya. Kutupa wamba nako kumatha kuyera, pomwe malo ena oopsa amabisala.

N'chifukwa chake nthawi zina adokotala amadula kamnofu kakang'ono n'kukatumiza ku labotale. Kumeneko amaona ngati maselo asintha pang'ono, zomwe amati CIN1, kapena kwambiri, CIN2 ndi CIN3. Zonsezi si khansa ayi. CIN1 kawirikawiri imatha yokha, koma CIN3 ikalekereredwa imatha kusanduka khansa pakapita zaka. Mutu umakula pa CIN2: akatswiri awiri amatha kuona kamnofu komweko n'kusiyana maganizo.

Apa ndi pomwe p16 imathandiza. Iyi ndi puloteni yomwe imachuluka m'selo pamene kachilombo ka HPV kaononga mabuleki oletsa seloyo kuswana mwachisawawa. Akathira mankhwala apadera pakamnofuko, malo odzaza p16 amasintha mtundu, chikayiko n'kuchepa. Inzake ndi Ki-67, yomwe imaonetsa maselo amene ali mkati moswana. Ku America, kuyambira 2012, akatswiri amalangiza kugwiritsa ntchito p16 pakakhala kukayika kotere.

Zikutikhudza bwanji ife? Yankho likalakwika, mayi amabwerera kwawo akuti ali bwino pomwe matenda akuyala mizu. Likalakwikira mbali inayi, mtsikana amadulidwa mbali ya khomo la chiberekero popanda chifukwa, ndipo kudula kotere kumawonjezera chiopsezo chobereka mwana wosakwana masiku. Thupi ndi lake, ayenera kumva zoona zake.

Taganizirani mkazi wa tenanti kwa Lukwa ku Kasungu. Tsiku lonse ali m'chigafa kusoka fodya, ndalama amaiona pokhapokha fodyayo akagulitsidwa. Labotale younika minofu ya pa Kamuzu Central, yomwe idatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi UNC Project, ili ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 120. Mayiyu sangamalipire kabaza sabata ndi sabata kukafunsa ngati zotsatira zafika. Akagwa ulesi, tisamuloze chala.

Ziwerengero za 2020 zidaonetsa kuti pachaka amayi oposa 4,000 amapezeka ndi khansayi m'Malawi muno, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Awa ndi amayi athu, azakhali athu, anzathu a kusukulu.

Ndiye ku Unduna wa Zaumoyo ndi kwa aphungu athu tikuti: ikani ndalama zoti kamnofu kochokera kuboma lililonse kazifika ku labotale msanga. Mankhwala a p16 azipezeka m'malabotale a boma. Zotsatira zizimulondola mayi pafoni kapena kudzera mwa alangizi a zaumoyo, osati iye azizisaka.

Inunso asisi, akakudulani kamnofu musachite manyazi. Funsani: kakupita kuti? Zotsatira zibwera liti? Andiuza ndani? Ngati ndi CIN, ndi yachingati? Kufunsa si mwano, ndi ufulu wanu. Mukamva, kafotokozereni achibale a kumudzi omwe alibe bando.