Girisi wa galimoto si wa gulayinda

Anzanga aphunzitsi, makamaka inu a Metalwork, ndi inu ana anga amene munatsegula mashedi owotcherera m'matauni umu, lero ndiyamba ndi kudziulula.

Teremu yathayi gulayinda ya ku wekishopu yathu inafa kutatsala masabata atatu kuti a Fomu 4 amalize ntchito zawo zamanja. Inayamba kulira ngati chigayo chopanda chimanga, kenaka kumutu kwake kunkatentha kosagwirika. Nditamasula ndinapeza mano a magiya atadyeka, girisi yense atakanirira m'mbali, pamano penipenipo pali pouma. Wolakwa ndine ndemwe. Chaka chatha ndinapakamo girisi wa mabering'i a galimoto amene ndinapempha kwa makaniko wina, poganiza kuti girisi ndi girisi basi.

Gulayinda yaing'ono ija, ya disiki ya 115 mm, imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi imodzi, ndipo kagiya kakang'ono ka ku mota kamathamanga kuposa pamenepo. Girisi wolimba akakumana ndi liwiro lotere amaponyedwa kumbali, n'kukhala komweko osabwereranso. Magiya amatsala akudyana okha. Pachitini cha girisi pamakhala nambala ya NLGI, kuyambira 000 mpaka 6, ndipo nambala ikamakwera girisi amalimba. Wa mabering'i a galimoto nthawi zambiri ndi 2. Mutu wa gulayinda umafuna wofewerapo, monga 0 kapena 1, amene akatenthedwa amatsetsereka n'kubwerera pamano. Nambala imeneyi ndinaiphunzira ku koleji, koma tsiku limenelo sindinayang'ane n'komwe chitini.

Nditafotokozera mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa kale, anaseka. "Aphunzitsi, ine ndimangothira oyilo wa mu difu, 80W-90, imayenda myaa!" Mwana wanga, imayenda lero. Mutu wa gulayinda sanaupange kuti usunge mafuta amadzimadzi. Oyilo amadontha potulukira shafuti, wina amalowera ku mota, kumene amasakanikirana ndi fumbi lachitsulo ndi la mabulashi. Mapeto ake ndi utsi. Za oyilo wakuda wochotsa mu injini sindikufuna n'komwe kuzimva, muli tizitsulo kale mmenemo.

Zida zofuna oyilo zilipo ndithu. Macheka ena amagetsi, aja amati worm drive, ali ndi kabowo kothirira oyilo kotseka ndi bawuti. Koma nawonso apa pali msampha. Giya lake limodzi limakhala la mkuwa wosakaniza, pamene oyilo wa mu difu wolembedwa GL-5 ali ndi mankhwala a sulfure amene amatha kudya mkuwa zinthu zikatentha. Ndiye chida chimene kabuku kake kakunena mtundu wa oyilo, tsatirani kabukuko. Vuto lathu m'masukulu muno, timabuku timeneti timatayidwa limodzi ndi katoni tsiku lomwe chida chafika.

Ndikudziwa chimene ena munene: ndalama zake ziti? Ngakhale ahedi athu anandifunsa zomwezo. Funsolo ndi lomveka, pakuti girisi woyenera sapezeka pa golosale iliyonse ndipo kachubu kake kamaoneka kodula. Koma m'mutu wa gulayinda mumalowa pang'ono chabe, kachubu kamodzi kangatithandize zaka. Yerekezani ndi zimene tinaona ife: magiya atsopano, thiransipoti yokawasaka m'tauni, ndi ana 14 akucheka chitsulo ndi hakiso mpaka matuza m'manja.

Mukapeza girisi wabwinoyo musadzaze mpaka pakamwa. Theka la malo, kapena kucheperapo, ndi zokwanira. Mukapakira kwambiri amavundulidwa, mutu umatentha ndipo amatulukira m'mipata. Wakaleyo yambani mwamuchotsa yense, mutsuke ndi palafini n'kuumitsa, chifukwa mitundu ina ya girisi ikasakanikirana imasungunuka kapena kuuma. Ndipo chonde zulani pulagi kaye musanagwire sikuludiraiva.

Chimene chikundiwawa ndi chakuti zaka zonsezi ndaphunzitsa ana kugwira gulayinda, kuvala magalasi, kumanga disiki, koma palibe kalasi imene ndinaionetsapo mkati mwa mutu wake. Lachisanu likudzali a Fomu 3 amasula yokonzedwayo ine ndikuyang'ana, ndipo magiya odyekawo ndawasunga mu kabati kuti aliyense awagwire. Amene muli ndi gulayinda yakufa ku shedi kwanu, tibwerekeni, ana ndi ambiri ndipo imodzi siikwana.