Kalata ya Abusa: Mabomba a Nyukiliya Aphwasulidwe

Kwa Akhristu onse olankhula Chichewa a ku Arcadia ndi madera ena a Pretoria,



Ife abusa anu takulemberani chifukwa mitima yathu yadzaza nkhawa. Mayiko 9 akusunga mabomba a nyukiliya pafupifupi 12,000, ndipo m'chaka cha 2024 chokha anawononga ndalama zoposa madola 100 biliyoni posamalira ndi kukonza zida zimenezi. Ena mwa inu mudzati nkhani iyi ndi ya akuluakulu, ife tikufuna lendi ndi mapepala. Tikumva. Koma thukuta la makolo athu lili m'zida zimenezi.

Miyala ya uranium yambiri yopangira bomba limene linapsereza Hiroshima pa 6 Ogasiti 1945 inakumbidwa ndi anthu akuda ku Shinkolobwe, m'dziko la Congo. Kuyambira 1952, migodi ya golide ya kuno ku Joni inayamba kutulutsanso uranium wogulitsa ku America ndi ku Britain, ndipo pansi pa nthakapo panali Amalawi zikwizikwi obwera ndi Wenela. Ambiri anabwerera kumudzi ndi chifuwa cha fumbi. Ife tawaika m'manda. Tawaona amasiye awo akusunga mapepala ong'ambika, kudikira chipukuta misozi mpaka nawonso kutsikira kulichete. Lero zitunda za dothi la m'migodi zidakali ku West Rand, pafupi ndi Krugersdorp, ndipo ana a amphawi amasewera m'mphepete mwake, fumbi la poizoni likulowa m'zisakasa zawo. Bomba silinaphulike pa iwo, koma lawadya kale. Mulungu amene anafunsa Kaini za m'bale wake adzafunsanso za awa.

Tisanamizidwe kuti zidazi sizingachotsedwe. Chakumadzulo kwa mzinda uno kuli Pelindaba, kumene boma la tsankho linakonza uranium wa mabomba asanu ndi limodzi. Mabombawo anaphwasulidwa, South Africa inalowa m'pangano loletsa kufalitsa zida za nyukiliya mu 1991, ndipo Pulezidenti F.W. de Klerk anaulula zonse m'nyumba ya malamulo pa 24 Malichi 1993. Zolinga zake tingakaikire, koma dziko silinagwe chifukwa chosiya mabomba. Pangano loti mu Africa musakhale zida zotere limatchedwa ndi dzina lomweli la Pelindaba, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2009.

Tsono tikulankhula kwa inu akazembe a America, Britain ndi China, amene maofesi anu tili nawo muno mu Arcadia. Mayiko anu, pamodzi ndi Russia ndi France, analonjeza m'pangano lija loletsa kufalitsa zida za nyukiliya, la 1968, kukambirana mokhulupirika zothetsa zidazi. Padutsa zaka zoposa 50 chilembedwere panganolo. Mumaletsa ena kupanga chimene inu mukusunga, ndipo pamene mayiko 122 anavomereza pangano loletseratu mabombawa mu 2017, inu munakana ngakhale kukhala nawo pa zokambirana. Uku ndi kuswa lonjezo, ndipo pamaso pa Mulungu ndi tchimo. Atsogoleri a mu Africa amene munasaina pangano la 2017 limeneli koma simunalipititse kunyumba za malamulo, mukudikiranso chiyani? South Africa inamaliza zonse mu 2019, Malawi mu 2022. Boma la Malawi nalo liuze anthu poyera kumene uranium wa ku mgodi wa Kayelekera akupita, ndi m'mene madzi a anthu a ku Karonga akutetezedwera.

Sitikudana ndi mtundu uliwonse. Ogwira ntchito m'maofesi a akazembewo ndi anansi athu, ena timapemphera nawo. Lamulungu likubwerali mipingo yonse iwerenge Yesaya 2:4, ipempherere atsogoleri a mayiko 9 aja kuti Mulungu afewetse mitima yawo, ndiponso mabanja a akale a ku migodi. Mukatuluka m'kachisi, akulu a mpingo adzakhala pakhomo ndi kalata yopita kwa akazembe. Tikukupemphani nonse muisaine.

Ndife anu mu utumiki wa Khristu,
Abusa a mipingo ya Amalawi ku Arcadia, Pretoria