MUNDA WA CIMANGA COKHA SUKWANA

M'dziko la Zambia munthu amene wadya mpunga kapena mbatata madzulo anena kuti wagona ndi njala, cifukwa sanalawe nsima. Motero mvula yoyamba ikagwa, mlimi ali yense athamangira kubzala cimanga, ndipo ambiri alekera pomwepo. Cimanga ndi mbeu yabwino ndithu, koma dziko limene liika moyo wace wonse pa mbeu imodzi lifanana ndi nkhokwe yoimirira pa phanda limodzi. Phandalo likadyedwa ndi ciswe, nkhokwe yonse igwa.

Makolo akale sanali kudalira cimanga. Mbeu imeneyi kwao ndi ku America, ndipo isanafike, anthu anali kulima mapira, mawere, nzama ndi nyemba. Pamene migodi ya mkuwa inatsegulidwa ku Copperbelt, anthu ambirimbiri anasiya midzi yao napita kukagwira nchito. Onsewo anafuna ufa, cotero cimanga cinasanduka mbeu ya ndalama. Kuyambira caka ca 2002 Boma lathandiza alimi ang'ono ndi feteleza pa mtengo wotsika, ndipo bungwe la Food Reserve Agency ligula cimanga cao. Nkosadabwitsa tsono kuti minda yambiri yadzala ndi cimanga cokhacokha.

Kuopsa kwace kunaoneka m'caka ca 2024. Mvula inadula mu January ndi February, nthawi imene cimanga cimasula ngaiyaye ndipo cifuna madzi koposa. Pa 29 February Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala cimeneco ndi tsoka la dziko lonse, pakuti cinakhudza maboma 84 mwa maboma 116. M'caka ca 2023 alimi anakolola matani a cimanga oposa 3 miliyoni, koma mu 2024 anangopeza ngati theka lace. Ufa unakwera mtengo, madzi a ku Kariba anatsika, magetsi anasowa, ndipo zigayo zambiri zinaima. Cilala cotere sicinali coyamba, pakuti cinagwanso mu 1992. Kuonjezera apo, ziripo mbozi zacilendo zimene zinalowa m'dziko kumapeto kwa 2016, ndipo zikonda cimanga kupambana mbeu zina. Mu 2025 mvula inagwa bwino, nkhokwe zinadzalanso. Cimeneco ndi cokondweretsa, koma wokhuta saenera kuiwala caka ca njala.

Mlimi wanzeru agawa munda wace. Cinangwa, cimene anthu a ku Luapula acidziwa bwino, cipirira dzuwa, ndipo cidikira mwini wace m'nthaka kufikira atacifuna. Mapira akula m'zigwa zotentha za Luangwa ndi Gwembe, kumene cimanga cipserera kawirikawiri. Nshawa za Chalimbana zachukitsa cigawo ca Kum'mawa. Pa mizu ya nshawa, nyemba ndi soya pali timibulu tating'ono, ndipo m'menemo mukhala tizirombo tosaoneka ndi maso, totenga cakudya ca mbeu mu mpweya. Cifukwa cace cimanga cobzalidwa pamene panali nshawa caka catha cikula bwino koposa. Mtengo wa msangu nawo ndi bwenzi la mlimi. Uyoyola masamba ace m'dzinja, pamene mitengo yina iphuka, motero suphimba mbeu, ndipo masambawo asanduka manyowa.

Koma kulima mbeu zambiri ndi ciyambi cabe. Phindu lalikuru liri pa nchito imene icitika mbeuzo zitacoka kumunda. Mlimi wogulitsa mpendadzuwa wace kwa wamalonda woyenda ndi sikelo alandira ndalama pang'ono, ndipo mawa lace apita kusitolo kukagula mafuta ophikira pa mtengo waukuru, ngakhale mafutawo anacokera m'mbeu zonga zace zomwe. Akadakhala ndi makina ofinyira, akadapeza mafuta ogulitsa, ndi zotsala zace zodyetsa nkhuku ndi nkhumba. Ku Nakambala, pafupi ndi Mazabuka, nzimbe zothiriridwa ndi madzi a mu Kafue zisanduka shuga pomwepo, ndipo anthu zikwi zambiri apezako nchito. Ku Chipata nshawa zisanduka ciponde ca m'mabotolo cimene cifika m'masitolo a ku Lusaka. Ogula sasowa, pakuti Zambia acita malire ndi maiko 8, ndipo magalimoto odzala ndi cakudya aoloka pa Kasumbalesa kupita ku Congo. Munthu mmodzi sangathe kugula makina, koma akuruakuru anati mutu umodzi susenza denga. Alimi makumi atatu akasonkha ndalama m'bungwe lao angathe kugula makina ofinyira mafuta, ndi kugulitsa mbeu zao pamodzi pa mtengo wabwino.

Ena adzati, "Cimanga ciri ndi wogula wodziwika, nanga cinangwa ndi mapira adzagula ndani?" Funso limeneli ndi la nzeru, ndipo mlimi asatonzedwe cifukwa ca kulifunsa. Iye sangabzale mbeu imene idzaolera m'nkhokwe. Cifukwa cace kuli koyenera kuti Boma likonze miseu ya kumidzi, ndi kuthandiza mbeu zina monga momwe lathandizira cimanga. Komabe banja lisadikire kufikira zonsezo zitacitika. Hekitala imodzi iri ndi malima anai, ndipo lima ili yonse ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi. Banja lingathe kupatsa cimanga malima awiri, nshawa lima imodzi, ndi cinangwa kapena mpendadzuwa lima yotsalayo. Mvula ikabvuta, mbeu imodzi ingafe, koma zonse pamodzi sizifa kawirikawiri.

Alipo anyamata ndi asungwana amene aganiza kuti khasu ndi la munthu wolephera sukulu. Maganizo otere ndi olakwa. Ulimi wa masiku akudza ufuna munthu wodziwa kuwerenga mau olembedwa pa thumba la mbeu, woyang'ana sikelo kuti asanyengedwe, ndi wolemba m'buku ndalama zolowa ndi zoturuka. Mkuwa ukakumbidwa sumeranso, koma nthaka yosamalidwa ibala caka ndi caka. Mwana amene aphunzira masamu lero, ndi kuthirira bwino dimba la pasukulu, ndiye adzaimika makina oyamba ofinyira mafuta m'mudzi mwao.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji cimanga cinasanduka mbeu ya ndalama?
2. Chulani mbeu ziwiri zimene zipirira dzuwa.
3. Kodi msangu uthandiza bwanji mlimi?
4. Lima iri ndi mamita 50 mbali zonse zinai. Munthu woizungulira kamodzi ayenda mamita angati?