Sitima ya mu Lusaka: tisanaombe m'manja, tifunse mafunso

Amene mumachoka ku Chelstone kapena ku Chilanga m'mawa mudziwa bwino: jam ya pa Great East Road ndi Kafue Road imadya nthawi imene mukanagona kapena kuperekeza mwana kusukulu. Ndiye mukamva ati Lusaka ifunika sitima yothamanga m'tauni, mtima ungoti, "Ibwere mailo!" Koma manje tiyeni tikambe zoona.

Sitima ya m'tauni si yachilendo kuno. Akuluakulu a ku Matero ndi Chilenje akumbuka Njanji Commuter ya m'zaka za m'ma 1990. Inaima chaka cha 2000 chisanakwane. Lero m'malo ambiri m'njira yake muli tuntemba ndi nyumba, zitsulo zinatengedwa kale. Ndilo vuto loyamba: malo. Njanji yatsopano ikadutsa m'komboni, ena adzasamutsidwa, ndipo munthu sachoka pa plot yake chabe popanda kulipidwa.

Lachiwiri ndi malaiti. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, tonse tinaphunzira kuphikira pa mbaula usiku. Sitima ya magetsi ifuna malaiti osazima. Apo ayi, mudzakhala pakati pa Kamwala ndi town, abwana ku nchito akuyang'ana wochi.

Lachitatu ndi ndalama, makamaka zofunika pambuyo podula riboni. Addis Ababa inatsegula sitima yake mu 2015 ndi ndalama pafupifupi madola 475 miliyoni, zambiri za nkongole ya ku China. Patapita zaka zochepa, masitima ambiri anangoima pa depot chifukwa chosowa ma spare. Ife tikumbukenso kuti mu November 2020 Zambia inalephera kulipira nkongole ya Eurobond. Nkongole ina yaikulu ifunika kuiganizira kawiri.

Kodi tikhale chabe mu jam? Iyai. Ku Dar es Salaam mu 2016 anayamba mabasi aakulu okhala ndi msewu wawowawo, kuchoka Kimara kufika Kivukoni. Eni ake amati mwendokasi. Kumathithikana maningi, mabasi sakwanira, koma kumanga msewu wotero n'kotchipa kuposa njanji, ndipo basi siima malaiti akapita. Lusaka ingayambire pamenepo, uku ikuteteza malo a njanji amene atsala kuti asagawidwe ma plot.

Tisaiwalenso madalaivala a minibasi, makondakita ndi ang'wang'wazi a pa Kulima Tower ndi Lumumba. Mabanja ambiri amadya pamenepo. Plan imene siwawerengera idzakumana ndi nkhondo pa siteshoni.

Choncho a MP kapena a kansala akabwera ndi chithunzi cha sitima yonyezimira, musafulumire kuvina. Afunseni zitatu: idzadutsa kuti, tikiti idzakhala zingati, ndipo ndani adzagula ma spare ikafika zaka 5? Akayankha bwino, tidzakwera tonse.