Mukaimba 112, yambani n'kunena pamene muli

Tsoka silinunkha. Pa 17 Disembala 2020 moto unabuka ku Masiphumelele, dera limene lili m'mbali mwa msewu wopita ku Kommetjie mu mzinda wa Cape Town, ndipo unapsereza nyumba zoposa 1,000. M'derali mumakhala Amalawi ambiri. Tsiku lotere likafika, funso loyamba la amene wayankha foni limakhala lakuti, "Muli pati?" Ambiri a ife timakakamira pomwepo.

Ku South Africa nambala ya 112 ndi yaulere pa foni ya m'manja, ngakhale mulibe mayunitsi. Apolisi ali pa 10111, ambulansi pa 10177, ndipo ofesi ya ngozi ya mzinda wa Cape Town ili pa 021 480 7700. Koma tisaganize kuti foni inena yokha pamene tili. Nsanja ya foni imangosonyeza dera, osati khomo. Kumbali ya dambo ku Masiphumelele nyumba n'zothithikana, ndipo tinjira tambiri sitingadutse galimoto.

Kwathu timalondolera mlendo ponena kuti, "Mukafika pa mtengo wa mango mukhotere kumanzere." Woyendetsa ambulansi saudziwa mtengowo. Choncho tchulani dera, kenaka msewu waukulu umene muli nawo pafupi, kenaka chizindikiro chodziwika monga sukulu, chipatala kapena pokwerera matakisi. Mukatero fotokozani chimene chachitika ndi chiwerengero cha ovulala. Musadule foni asanakuuzeni, ndipo tumani munthu akadikire pamsewu kuti awatsogolere.

Amene amawedza kapena kusamba m'nyanja akumbukire kuti bungwe lopulumutsa anthu pamadzi la NSRI lili ndi siteshoni nambala 26 ku Kommetjie. Nenani ngati muli ku Long Beach kapena kufupi ndi nsanja younikira zombo ya Slangkop. Kuyambira mu 2017 bungweli lakhala likuika zoyandamitsira za mtundu wa pinki m'magombe. Pachikwangwani chake pamakhala nambala ya malowo, ndipo muiwerengere amene mukulankhula naye.

Ngati foni yanu ili ndi WhatsApp, phunzirani lero kutumiza malo amene muli, ndipo GPS ikhale yoyatsa. Opulumutsa akakupemphani kutero, musayambe kufufuza mabatani nyumba ikuyaka.

Inu alangizi ndi atsogoleri a magulu, ntchito yakupezani. Pamsonkhano ukubwerawu, banja lililonse lilembe malondoledwe a nyumba yake m'Chingerezi, m'mizere itatu, n'kumata pepalalo pakhomo, pakuti woyankha foni mwina samva Chichewa. Ana nawonso aloweze. Alimi a m'mafamu alembe dzina la famu, msewu ndi geti lolowera.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma munthu amadekha pangozi ngati anakonzekera kunja kuli bata.